Kamwala ka Kabwe ndi Makina Opulumutsa Moyo

Usiku wina m'mwezi wa July caka ca 2024, cisanu citafika polasa m'mafupa, anyamata awiri a mu mphakati wathu kuno ku Mpima anandigogodera pakhomo. Agogo awo aamuna, mkulu amene anagwira nchito pa mgodi zaka zambiri asanabwere kudzagwira khasu kuno, anali kubanika, ndipo anapempha kuti aphunzitsi abwere kudzapemphera nawo pamene wina anali atapita kukadziwitsa Bambo Mfumu. Titatha mapemphero tinawanyamula pa galimoto ya mnansi wathu wogulitsa mkaka mpaka ku kacipatala kena ka m'tauni.

Munali m'masiku aja a mdima, pamene madzi anacepa ku Kariba cifukwa ca cilala ndipo magetsi anali kuzima usana ndi usiku. Namwino anatilandira ndi nyali yoyendera batire. Asanafunse zambiri anatulutsa m'thumba kacipangizo kooneka ngati kopanira zovala pa cingwe, napana nako cala ca agogowo. M'kati mwake munayaka kamoto kofiira, ndipo pa kagalasi kake panaoneka nambala 84. Namwinoyo atangoona nambalayo anati wodwala sagona pamenepo, apite msanga ku cipatala cacikulu kumene kuli mpweya wa okosijeni. Cinali cibayo. Patapita masabata awiri agogo aja anabwerera kwawo akuyenda okha.

Nditapita kukawazonda ndinawapeza ali pa mpando panja, pafupi ndi batire ya galimoto imene adzukulu awo amaichaja ndi dzuwa kuti aziunikira m'nyumba. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inu munapita ku sukulu ya amishoni, tandiuzani. Kanthu kaja kanadziwa bwanji za m'cifuwa mwanga, pamene kanali pa cala? Nanga anakapanga ndani?" Kenaka anagogoda batire ija ndi ndodo yawo, naseka, nati, "Koma mtovu uli umu, kaya, mwina ndinaukumba ndine." Ndinalibe yankho tsiku limenelo. Safunsa anadya phula, tsono ndinafunsa ndi kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza ndafuna kugawana nanu, owerenga okondedwa, popeza zikukhudza mabanja athu ndi tauni yathu ino.

Kodi patenti nciyani?

Pafupifupi makina onse amene timawaona m'cipatala ali ndi cikalata kumbuyo kwake cochedwa patenti. Munthu akatulukira luso latsopano, limene silinadziwikepo kale ndipo lingathe kugwira nchito, amapita ku boma nakalongosola poyera, mwatsatanetsatane, m'mene cinthuco cimapangidwira. Boma nalo limampatsa ufulu wakuti kwa zaka 20 wina asapange kapena kugulitsa cinthuco popanda cilolezo cake. Zakazo zikatha, lusolo limakhala la anthu onse. Ndi pangano la mbali ziwiri: mmisiri aulula cinsinsi cake, ndipo mtundu umlola kuti ayambe wadyerera thukuta lake.

Tikalingalira bwino, pangano limeneli lili ndi nzeru. Tonse tikudziwa nkhalamba zina za kumudzi zimene zinkadziwa mtengo woletsa ululu wa njoka, koma zinapita nako kumanda kudziwa kwawo cifukwa coopa kuti wina angawalande. Patenti inakonzedwa kuti luso lisafere m'mutu wa munthu mmodzi. Lamulo lakale lochuka la mtundu umenewu linakhazikitsidwa mu mzinda wa Venice caka ca 1474.

Kuno ku Zambia zikalata zimenezi zimalembetsedwa ku bungwe la PACRA, lomwe lija timalembetsako maina a makampani, motsata lamulo la mapatenti la caka ca 2016. Caka comweco Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza nzeru za makolo athu, monga za mankhwala a zitsamba, kuti mlendo asangozitola ndi kukazilembetsa ngati zake. Ambiri sitidziwanso kuti bungwe la maiko a mu Africa loona za nkhani zimenezi, la ARIPO, limene likulu lake lili ku Harare, linabadwira mu Lusaka mwathu muno pa pangano la pa 9 December 1976.

Kamoto kofiira pa cala

Tiyambe ndi funso la agogo aja. Kacipangizo kopana cala kamachedwa pulse oximeter. Magazi amene anyamula mpweya wabwino kucokera m'mapapo amakhala ofiira mowala, pamene amene ausiya mpweyawo m'thupi amakhala ofiira moderako. Mbali imodzi ya kacipangizoka kuli tinyali tiwiri: kena ka kuwala kofiira, kena ka kuwala kumene maso athu sangakuone. Kuwalako kumapyola cala, ndipo mbali inayo kuli kadiso koyesa kuculuka kwa kuwala kumene kwafika. Popeza magazi a mitundu iwiri ija amamwa kuwala kuwiriku mosiyana, makina amawerengera kuti mwa magawo 100 a magazi, ndi angati amene anyamula mpweya. Munthu wabwinobwino amaonetsa 95 kapena kuposerapo. Nambala ikatsika pansi pa 90, wodwala ali pa ngozi.

Amene anatulukira njira imeneyi ndi injiniya wa ku Japan, Takuo Aoyagi, wa kampani ya Nihon Kohden. Caka ca 1972 iye anali kuyesa cinthu cina, ndipo kugunda kwa mtima kunali kumsokonezera manambala ake. M'malo mokwiya naco cosokonezaco anadekha nacipenyetsetsa, mpaka anazindikira kuti kugundako ndiko kungamthandize kusiyanitsa magazi oyenda m'mitsempha ndi khungu, mnofu ndi fupa. Kampani yake inapempha patenti caka ca 1974. Aoyagi anamwalira mu April 2020, pa nthawi imene matenda a Covid-19 anacititsa dziko lonse kulira kacipangizo kake.

Komabe tisakapembedze. Zala zikazizira, kapena zikhadabo zikapakidwa utoto, kamatha kunama. Mu December 2020 madokotala a pa yunivesite ya Michigan ku America anaonetsa kuti pa anthu akhungu lakuda ngati ife kamatha kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Cinanso cofunika kwa ife amene timaotha mbaula: munthu amene wakomoka ndi mpweya woipa wa makala m'nyumba yotseka, kacipangizoka kangathe kumuonetsa ngati ali bwino pamene ali pafupi kufa. Motero wodwala akamapuma movutikira, milomo itasintha mtundu, mtengereni ku cipatala ngakhale nambala ioneke yokoma.

Kuwala kwa mtundu umodzi

Dzina lakuti laser likamachulidwa limamveka ngati Leza, ndipo kufananaku kungatithandize kumvetsa. Uta wa Leza umatisonyeza kuti kuwala kwa dzuwa, kumene timakuona ngati koyera, ndi msanganizo wa mitundu yambiri yobalalika mbali zonse. Kuwala kwa laser ndi kwa mtundu umodzi wokha, ndipo kumayenda mogwirizana njira imodzi ngati anthu opalasa bwato mwa nyimbo imodzi. Ncifukwa cake kungathe kulunjikitsidwa pa kadontho kocepa kuposa nsonga ya singano, ndi kudula citsulo kapena kuwamba kamtsempha ka m'diso popanda kupweteka mbali zoyandikana.

Laser yoyamba inayaka pa 16 May 1960 m'manja mwa Theodore Maiman ku California, ndipo mtima wake unali mwala wofiira wa ruby. Maganizo amene anatsegula njira anacokera kwa Charles Townes, amene analandira mphotho ya Nobel caka ca 1964, munthu wopemphera amene pambuyo pake anakhalanso m'bungwe la akatswiri a sayansi la Apapa ku Roma. Koma panabuka mlandu. Gordon Gould, amene anayamba kulemba dzina lakuti laser m'kope lake caka ca 1957, anati lusolo linali lake. Analimbana m'makhoti zaka pafupifupi 30, ndipo patenti yake yoyamba yaikulu anailandira mu 1977. Ngakhale pakati pa anthu ophunzira, malire a munda amautsa mkangano.

Mwa onse ogwira nchito ya laser, amene anandigwira mtima ndi mai Patricia Bath, dokotala wa maso wobadwira ku Harlem mu mzinda wa New York. Iye anaona kuti anthu akuda osauka anali kucita khungu kwambiri ndi matenda otheka kucizika, ndipo caka ca 1988 analandira patenti ya cipangizo cocotsera ng'ala ndi laser. Anali mai woyamba wakuda mwa madokotala a ku America kulandira patenti pa za cipatala. Lero madokotala a maso amagwiritsa nchito laser poteteza maso a anthu odwala shuga, ndiponso poyeretsa diso limene lacitanso nkhungu pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala. Tiuze agogo athu amene akuyenda ndi ndodo cifukwa ca ng'ala kuti matendawa amacizika, ndipo nthawi zambiri ndi opaleshoni wamba yosafuna laser nkomwe. Tiletsenso ana athu kuunikana m'maso ndi timatoci ta laser togulidwa pa msika, popeza kadontho kofiira kaja kangathe kuwononga diso.

Batire ndi mtima wa munthu

Akuluakulu ankachula mabatire kuti miyala ya wailesi, ndipo ena a ife tikukumbukira mabatire a Spark opangidwa ku Mansa, fakitale yake isanatsekedwe m'zaka za m'ma 1990. Batire yoyamba inapangidwa caka ca 1800 ndi Alessandro Volta, Mkatolika wa ku Como m'dziko la Italy, ndipo mawu akuti volt amene amalembedwa pa batire iliyonse ndi cikumbutso ca dzina lake. Caka ca 1859 Gaston Planté wa ku France anapanga batire yotheka kuichajanso ikatha mphamvu, poviika mapale a mtovu m'madzi a asidi. Imeneyo ndiyo kholo la batire ya galimoto, ndipo mpaka lero mtovu woposa magawo atatu mwa anai a umene dziko lonse limagwiritsa nchito umapita ku mabatire otere.

Tamvani tsono cimene batire ya mtovu inacita. Ku Belfast, m'dziko la Northern Ireland, kunali dokotala wa mtima dzina lake Frank Pantridge. Iye anaona kuti ambiri ogwidwa ndi matenda a mtima mwadzidzidzi anali kufera kunyumba kapena pa njira. Nthawi zina mtima umaleka kugunda mwa dongosolo nuyamba kungonjenjemera, magazi osayenda, ndipo pamphindi zowerengeka munthu amatsirizika. Makina oubwezera m'dongosolo ndi mphamvu ya magetsi, ochedwa defibrillator, analipo kale, koma anali omangika ku magetsi a m'cipatala. Caka ca 1965 Pantridge ndi anzake anapanga ena oyendera mabatire a galimoto, olemera makilogalamu 70, nawakweza mu ambulansi. Pofika 1968 anali atawacepetsa kufika pa makilogalamu atatu. Kuyambira pamenepo ambulansi inaleka kukhala ngolo yongonyamula wodwala, inasanduka cipatala copita kumene wodwala ali.

Mabatire a m'mafoni athu ndi a mtundu wina, wa lithium. Mmodzi mwa amene anawatulukira, John Goodenough, anapeza mu 1980 ku Oxford kuti msanganizo wokhala ndi cobalt umasunga mphamvu yambiri. Umwini wa lusolo anaupereka ku bungwe lina la boma la Britain, ndipo iye sanapate nalo cuma, ngakhale kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatirewo mu 1991 ndipo lero ali m'thumba la aliyense. Mphotho ya Nobel anailandira mu 2019 ali ndi zaka 97. Cobalt wambiri wa m'mabatirewa amakumbidwa ku Congo, ndipo wina ku Copperbelt kwathu kuno. Mu April 2022 maboma a Zambia ndi Congo anasainirana pangano lakuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire, m'malo momangotumiza miyala kunja. Tili ndi cifukwa cofunsira atsogoleri athu kuti panganolo lafika pati, ndiponso kuti migodi yatsopanoyo idzasiya ciyani m'nthaka, cifukwa ife a ku Kabwe tikudziwa cimene mgodi umasiya.

Mtengo umene sunalembedwe pa cikalata

Dzina lakuti Kabwe m'zinenero za kuno limanena za kamwala. Caka ca 1902 Mzungu wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa timapiri ta kuno, nacha malowo Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Mu 1921 okumba anapeza cibade ca munthu wakalekale, cimene mpaka lero cikusungidwa ku London. Damu la Mulungushi linatsegulidwa mu 1925 kuti lipatse mgodi magetsi. Mgodi unadyetsa mabanja, unamanga masukulu ndi zipatala, ndipo mpaka pamene unatsekedwa mu 1994 unatumiza mtovu ku maiko akutali. Koma utsi wa ng'anjo yosungunulira miyala unagwa pa madenga, m'minda ndi m'mabwalo osewerera ana zaka zonsezo, ndipo cimulu ca zotsalira cimene timaciti Black Mountain cinatsala pompo. Mtovu suola. Mphepo ya mu August ikamaomba, fumbi lake limalowa m'nyumba za ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe wa Nsofu.

Apa pabweranso kacipangizo kena. Kale kuyesa mtovu m'magazi kunkafuna makina aakulu a mu labotale ya kutali. Tsopano pali kamakina konyamula m'manja, koyendera batire, kamene kamalandira kadontho ka magazi a pa cala ndi kupereka yankho pa mphindi zitatu. Madokotala amawerenga mtovu ndi muyeso wa mamaikrogramu pa desilita ya magazi. Ife tingogwira manambala. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati palibe muyeso wa mtovu umene tinganene kuti ndi wosavulaza, kuti mwana akafika pa 5 pafunika kufufuza kumene akuutenga, ndipo akafika pa 45 afunika mankhwala oucotsa m'thupi. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Hokkaido ku Japan anafalitsa zimene anapeza atayesa ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Onse, osatsalapo ndi mmodzi yemwe, anali pamwamba pa 5, ndipo wina anapitirira 400.

Thupi la mwana limamwa mtovu kanai kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo umakhazikika m'mafupa ndi kuwononga bongo umene ukukula. Mai woyembekezera amaupatsira kwa mwana wa m'mimba. Coopsa ncakuti ana ambiri saoneka odwala. Ena amadandaula m'mimba, ena amacepa magazi, ena amangovutika kugwira za kusukulu, ndipo pa muyeso waukulu amakomoka ndi kugwa ngati a khunyu. Ife ophunzitsa katekisimu tiyenera kudzigunda pa cifuwa. Ndi kangati tinakalipira mwana kuti ndi waulesi cifukwa analephera kuloweza mapemphero, osadzifunsa kuti amasewera pa dothi lotani? Ndi mabanja angati amene anadana, kulozana zala za ufiti, mwana atayamba kugwa, pamene mfiti yake inali fumbi la pabwalo?

Pa nkhani imeneyi pacitika zina. Mu December 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yothandiza kukonza malo owonongeka ndi migodi m'dziko muno, kuphatikizapo kuyesa ndi kuciza ana a ku Kabwe. Mu October 2020 maloya anakasuma ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'dzina la ana ndi amai a kuno okwana ngati 140,000, kuimba mlandu kampani ya Anglo American South Africa, imene osumawo akuti inali ndi dzanja pa mgodi kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo imakana mlanduwo, ikunena kuti siinali mwini mgodi ndiponso kuti ena anauyendetsa pambuyo pake. Mu December 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe m'dzina la gulu lonse, ndipo osuma anacita apilo. Kuweruza tiwasiyire oweruza. Koma mwana wa zaka ziwiri amene akukwawa pa fumbi lero sangadikire mpaka akuluakulu atatha kukangana.

Eklezia akutiphunzitsa ciyani?

Eklezia sadana ndi luso. Buku la Mphunzitsi Sira, pa mutu 38, limatilangiza kulemekeza sing'anga ndi mankhwala ake popeza nzeru zake zimacokera kwa Mulungu, ndipo fanizo la matalente mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 25, limadzudzula munthu wokwirira mphatso yake. Eklezia sakananso kuti wogwira nchito alandire zake. Amene watha zaka ndi cuma pofufuza ayenera kupindula, apo ayi ofufuza adzatha.

Koma Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican unatikumbutsa kuti Mulungu anapereka dziko ndi zonse za m'menemo kwa anthu onse, kotero kuti umwini uliwonse uli ndi malire. Papa Yohane Paulo Waciwiri Woyera, amene anatiyendera kuno ku Zambia mu May 1989, analemba m'kalata yake ya Centesimus Annus ya mu 1991 kuti m'nthawi yathu ino pali umwini wina wofunika ngati wa nthaka, ndiwo umwini wa nzeru ndi luso, ndipo kuti kulemera kwa maiko otukuka kwatsamira kwambiri pa umenewo kuposa pa cuma ca m'nthaka. Ife a ku Kabwe ndife mboni zake: tinali ndi mwala, ena anali ndi cikalata. Malemu Papa Fransisko, m'kalata ya Laudato Si' ya mu 2015, anachula ngongole imene maiko olemera ali nayo kwa maiko osauka cifukwa ca kuwonongeka kwa cilengedwe.

Tinaona ndi maso athu zimene zimacitika cikalata cikaposa moyo. Caka ca 2000 mankhwala otalikitsa moyo a odwala AIDS anali kugulidwa madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa caka, ndipo ife tinali kumanda sabata ndi sabata. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ingawapange pa madola 350. Mu November caka comweco maiko anagwirizana ku Doha kuti malamulo a mapatenti asatsekereze boma kuteteza umoyo wa anthu ake, ndipo mu September 2004 boma la Zambia linapereka cilolezo capadera copangira mankhwalawo. Ambiri amene tikuimba nawo kwaya lero ndi amoyo cifukwa mtengo unatsika.

Alipo amene anasankha kupatsa. Wilhelm Röntgen, amene anatulukira X-ray mu 1895, sanafune kulembetsa patenti. Otulukira mankhwala a shuga a insulin anagulitsa patenti yawo ku yunivesite ya Toronto mu 1923 pa dola imodzi aliyense. Kampani ya Volvo, itapanga mu 1959 lamba wa pampando wa galimoto amene timamanga pa cifuwa ndi m'ciuno, inalola makampani onse kuti amupange mwaulere, ndipo lambayo wapulumutsa ambiri ngakhale pa msewu wathu wa Great North Road. Tikumbukirenso kuti patenti imangocitira umboni kuti cinthu ncatsopano. Siinena kuti ncabwino. Mafuta a galimoto othira mtovu, amene anatulukiridwa ku America mu 1921, anali ndi zikalata zake zonse, koma anathira ciphe mumpweya wa dziko lonse kufikira dziko lotsiriza litawaleka mu 2021. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ife ticitepo ciyani?

Coyamba, makolo amene mumakhala kapena munakhalapo m'makomboni oyandikana ndi mgodi, pitani ndi ana aang'ono ku cipatala mukafunse za kuyesa mtovu, ngakhale anawo akuoneka athanzi. Sambitsani ana m'manja asanadye. Kolopani m'nyumba ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa fumbi louma, ndipo bzalani kapinga pabwalo. Mwana asacoke m'mawa ndi njala, cifukwa m'mimba mopanda kanthu mtovu umalowa msanga. Kapenta, mkaka, nyemba, ndiwo zamasamba ndi zipatso zimathandiza thupi kuukana. Amai oyembekezera apewe kudya dothi. Ogwira nchito pa cimulu ca mgodi asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana.

Caciwiri, ife a ku Mpima ndi midzi yozungulira tisadzinamize kuti tili kutali ndi mgodi. Batire ya sola kapena ya galimoto ikatha, ena amaiphwanya ndi nkhwangwa pakhomo, kutaya asidi pansi ndi kusungunula mtovu pa mbaula kuti agulitse kapena apange zomiza mbedza. Kutero ndi kudzimangira kamgodi ka poizoni pakhomo pako. Batire yakufa isungidwe yosaphwanya, kumene ana safikako, ndipo ibwezedwe kwa ogulitsa mabatire amene amalandira zakale.

Cacitatu, miphakati yathu imadziwa kusonkha za maliro. Iphunzirenso kusonkha za moyo. Pulse oximeter ndi yochipa kuposa bokosi la maliro, ndipo gulu loyendera odwala m'parishi lingathe kukhala nayo, namwino ataliphunzitsa kagwiritsidwe kake. Bungwe la za umoyo m'parishi lingaitane a Red Cross kapena a St John Ambulance kudzaphunzitsa acinyamata cithandizo coyamba: kuletsa magazi, kugoneka bwino wokomoka, ndi kupsinja pakati pa cifuwa ca munthu amene waleka kupuma, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kufikira thandizo litafika. Msamariya wa pa Luka mutu 10 anayamba watsuka ndi kumanga mabala pa msewu pomwepo asanapite naye wovulalayo ku nyumba ya alendo.

Cacinai, tisanyoze ana athu okonda kumasula mawailesi ndi kulumikiza mawaya. Ku cipatala ca Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre ku Malawi, madokotala pamodzi ndi ophunzira a pa yunivesite ya Rice ya ku America anapanga makina othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, pogwiritsa nchito timapampu topopera mpweya m'madzi osungiramo nsomba, nawacha dzina la cinenero cathu, Pumani. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, makanda obanika amene anapulumuka anali 71 pa 100 alionse, pamene mwa olandira okosijeni yekha anali 44. Mwana wanu wa m'kalabu ya JETS kusukulu akapanga cinthu catsopano, mlangizeni kuti afunse ku PACRA asanacionetse pa msika, popeza cinthu cikadziwika kale kwa onse, kucilembetsa kumavuta. Abale athu a pa seminale ya Augustino Woyera kuno ku Mpima, amene akuphunzira kulingalira za cabwino ndi coipa, aikeko mtima pa mafunso amenewa, cifukwa mawa adzawapeza m'maparishi.

Ndinabwerera kwa agogo aja ndi mayankho angawa. Anamvetsera mpaka kumapeto, nagwedeza mutu pa nkhani ya dokotala wa ku Belfast ndi mabatire ake. Atakhala cete kanthawi anaitana mpongozi wawo, amene anakulira ku Kasanda ndipo amapitako kawirikawiri ndi ana kukaona amai ake, namuuza kuti Lolemba m'mawa atenge ana onse atatu apite nawo kukayezetsa magazi. Ndalama ya basi anatulutsa okha m'thumba la jekete.